Thupi Limalimba Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa Nkhani ya Majowajowa

Mawu akuti "masewera olimbitsa thupi" amasocheretsa anthu ambiri chifukwa cha liwu loyambalo. Munthu wamkulu akamva zoti masewera amaganiza za ana a sukulu ali pabwalo, kapena za anyamata a m'tauni onyamula zitsulo ku jimu, n'kunena kuti zimenezo si zake. Chonsecho nkhaniyi ndi ya mtima, minofu, mafupa ndi magazi, zinthu zimene aliyense ali nazo. Mfundo imene ndikufuna kutsindika m'mayankho onsewa ndi imodzi: thupi limasintha motsatira ntchito imene limapatsidwa mobwerezabwereza, ndipo limalimba pokhapokha ntchitoyo ikamawonjezedwa pang'onopang'ono, thupilo likupatsidwa mpata wopuma ndi chakudya. Mafunso ambiri amene anthu amakangana nawo amayankhika tikagwira mfundo imeneyi.

Kodi tikanena kuti munthu ndi wolimba thupi, timatanthauza chiyani?

Timatanthauza zinthu zingapo zimene siziyendera limodzi nthawi zonse. Pali mphamvu ya mtima ndi mapapo yotumiza mpweya wabwino ku ziwalo kwa nthawi yaitali, imene imachititsa kuti wina akwere chitunda akucheza pamene mnzake ali wefuwefu kumbuyo. Pali nyonga za minofu zonyamulira, zokankhira ndi zokokera. Palinso kufewa kwa malo olumikizira mafupa, ndiponso kukhazikika kwa thupi koti munthu asadzandire kapena kugwa akaponda poterera. Wakabaza amene amapalasa njinga tsiku lonse amakhala ndi mtima ndi miyendo yamphamvu, koma msana wake ukhoza kukhala wouma gwa. Mnyamata wa minofu ikuluikulu ya m'manja akhoza kulephera kumaliza chigawo choyamba cha mpira. Thupi limalimbitsa chiwalo chokhacho chimene chagwiritsidwa ntchito, m'njira yomweyo imene chagwiritsidwira ntchito.

Mwa zonsezi, mphamvu ya mtima ndi imene imakhudzana kwambiri ndi kutalika kwa moyo. Munthu akakhala phee, mtima umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi, ndipo mwa akuluakulu ambiri umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Mtima wozolowera ntchito umatulutsa magazi ochuluka pa kugunda kumodzi, choncho umakwanitsa malita omwewo pogunda kochepa. N'chifukwa chake akatswiri othamanga mitunda italiitali mitima yawo imagunda mwina ka 45 kapena ka 50 akakhala pansi. M'minofu namonso mumamera timitsempha ting'onoting'ono tatsopano tofikitsa magazi pafupi ndi pamene akufunika.

Nanga kulimbako kumabwera bwanji?

Onani mmene mtsikana wakumudzi amaphunzirira kusenza madzi. Palibe mayi amene amasenzetsa mwana wa zaka 6 ndowa ya malita 20, imene madzi ake okha amalemera makilogalamu 20. Mwanayo amayamba ndi kapoto, kenako kandowa kakang'ono, ndipo pofika unamwali amasenza ndowa yodzaza osagwirira n'komwe. Amayi akhala akudziwa kuyambira kale chimene aphunzitsi a masewera amachilemba m'mabuku: katundu aziposa pang'ono zimene thupi lazolowera, koma asapose kwambiri. Minofu ikagwira ntchito yopitirira muyeso wake wa masiku onse, tiulusi take timatopa ndi kuvulala pang'ono. Ikapuma, thupi limatenga zakudya zomanga thupi monga nyemba, usipa, mtedza, soya ndi mazira n'kukonza povulalapo, ndipo limakonza mowonjezera kuti ntchito yomweyo isadzalivutenso. Kulimba kwenikweni kumachitika usiku pamphasa, munthu ali m'tulo. Amene amachita majowajowa olemetsa pa minofu yomweyo tsiku lililonse osapumira amangowonjezera chilonda pa chilonda. Amene amabwereza muyeso womwewo chaka chonse osawonjezera amasunga zimene ali nazo koma sapita patsogolo. M'milungu yoyambirira nyonga zimakwera msanga minofu isanakule, chifukwa ubongo ndi mitsempha yake zimakhala zikuphunzira kulamulira bwino minofuyo. Kukula kooneka ndi maso kumabwera pambuyo pa miyezi.

Mfundo yomweyi ili ndi mbali ina yowawa, yoti chimene sichigwiritsidwa ntchito thupi limachitaya, ndipo limachitaya msanga. Mu 1966 madokotala a mumzinda wa Dallas ku America anagoneka pabedi anyamata 5 athanzi a zaka 20 kwa milungu itatu, osawalola kudzuka n'kumayenda. Atawayeza anapeza kuti mphamvu ya matupi awo yogwiritsa ntchito mpweya pa ntchito yolemetsa inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Atawachititsa masewera kwa milungu pafupifupi 8, mphamvuyo inabwerera mpaka kuposa poyamba. Patapita zaka 30 anawaitananso anthu omwewo, ali ndi zaka 50, ndipo kunapezeka kuti zaka 30 za kukula zinawononga zochepa poyerekeza ndi milungu itatu ija ya pabedi. Zambiri zimene timazinamizira ukalamba zimabwera chifukwa chongokhala.

Pali umboni wotani woti kugwiritsa ntchito thupi kumateteza ku matenda?

Umboni woyamba wooneka bwino unachokera m'mabasi osanjikiza a mumzinda wa London. Dokotala wina dzina lake Jeremy Morris anayerekeza madalaivala, amene ankakhala pampando pafupifupi tsiku lonse, ndi makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe mazanamazana pa tsiku podula matikiti. Anthuwa ankagwira ntchito m'basi imodzi, maola ofanana, ndipo ankachokera m'mabanja a moyo wofanana. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 1953 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, zinasonyeza kuti makondakitala ankadwala matenda a mtima mocheperapo, ndipo akadwala sankafa nawo msanga ngati madalaivala. Anthu ena anatsutsa, ndipo kutsutsa kwawo kunali komveka: mwina amuna onenepa kale ndi amene ankasankha ntchito yokhala pansi, ndiye vuto ndi kunenepa. Morris anakafufuza misinkhu ya mathalauza a yunifolomu amene kampani inkapereka. Anapezadi kuti madalaivala anali okulirapo m'chiuno, koma atayerekeza amuna a chiuno chofanana, makondakitala anali otetezekabe. Anaonanso zofanana pakati pa oyenda ndi makalata ndi anzawo okhala m'maofesi a positi.

Kuyerekeza magulu kotere kumasiyabe mpata wokayika, choncho umboni wolemera kwambiri ndi wa kafukufuku amene anagawa anthu mwamaere. Mu 2002 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu 3,234 amene shuga wawo anali atakwera koma asanafike pa matenda enieni. Gulu lina linapatsidwa mankhwala a metformin, lina linapatsidwa mapiritsi opanda mankhwala, ndipo lina linathandizidwa kusintha kadyedwe, kuchepetsako thupi ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Patatha pafupifupi zaka zitatu, mankhwala anachepetsa chiwerengero cha odwala shuga ndi 31 peresenti, pamene kusintha khalidwe kunachepetsa ndi 58 peresenti. Chifukwa chake n'chodziwika: mnofu ukamagwira ntchito umayamwa shuga m'magazi ngakhale popanda kudalira insulin kwenikweni, ndipo umapitiriza kumvera bwino insulin kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, kuchita majowajowa mokhazikika kumatsitsa nambala ya pamwamba ya BP ndi 5 mpaka 8, zimene si zochepa pa nkhani yopewa sitiroko.

Ine ndimalima, ndimatema nkhuni, ndimayenda wapansi. Majowajowa ndi a chiyaninso?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, ndipo wolifunsa ali ndi mfundo. Munthu amene wakhala akuunga mizere kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa lili paliwombo safunika wina womuuza kuti akathamange madzulo. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene Unduna wa Zaumoyo unachita m'dziko lonse la Malawi mu 2009 mothandizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi yekha mwa 10 aliwonse ndi amene sankagwiritsa ntchito thupi mokwanira. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Khasu lokha silitchinjiriza munthu ku zonse. Mchere wambiri m'ndiwo, fodya, mowa ndi chibadwa cha kumtundu zimagwirabe ntchito yawo.

Palinso china chimene akatswiri a ku Denmark, motsogozedwa ndi Andreas Holtermann, akhala akuchifufuza: anthu amene amatopa kwambiri pa ntchito yolembedwa sapeza phindu la mtima lofanana ndi la amene amagwiritsa ntchito thupi pa nthawi yawoyawo. Poyamba zimamveka zosokoneza, koma zikugwirizana ndendende ndi mfundo yathu. Ntchito yolemetsa imatenga maola ambiri, imabwereza mayendedwe amodzimodzi, kawirikawiri munthu ali chowerama kapena atasenza katundu, ndipo mtima umagunda mokwera tsiku lonse osafika pa muyeso woulimbitsa komanso osapeza nthawi yokwanira yobwerera mwakale. Mwini ntchito sasankha nthawi yolekera. Ntchito ndiyo imamulamula. Kwathu kuno vutoli limakula chifukwa ntchito yaikulu ya kumunda, kupalira ndi kubandira, imagwa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zambiri zili mbee ndipo anthu akugwira ganyu ndi chakudya cha kamodzi pa tsiku. Pamenepo mbali yolemetsa thupi ilipo yambiri, koma mbali yokonza thupi palibe. Kutopa kotere kumadya munthu. Choncho mlimi chimene akusowa ndi tulo tokwanira, ndiwo zomanga thupi, kuwongola msana ndi kusinthasintha ntchito pa tsiku, kugawa katundu wolemera maulendo awiri, ndi kuyezetsa BP. M'chilimwe ntchito ikachepa, mpira, njinga ndi magule monga chimtali, mganda, beni ndi malipenga zimasunga mtima uli tcheru.

Amene ayenera kudzifunsa mofatsa ndi amene moyo wawo wasintha koma maganizo awo akadali a kumudzi. Mtondo unalowedwa m'malo ndi chigayo, ulendo wa kumjigo ndi mpopi wa pakhomo, mtunda wa kuntchito ndi minibasi kapena njinga yamoto, koma mtanda wa nsima sunachepe, ndipo pawonjezeka chipisi, mandasi ndi zakumwa za shuga. Kafukufuku amene anachitika ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, wosindikizidwa mu 2018, anapeza kuti amayi oposa 4 mwa 10 aliwonse a m'tauni anali onenepa kupitirira muyeso. Khasu limene munthu analigwira ali mnyamata silimutetezanso lero atakhala mu ofesi, monga anyamata a ku Dallas aja anasonyezera.

Ndiye muyeso wokwanira ndi uti?

Malangizo a World Health Organization a 2020 amati munthu wamkulu azichita zinthu zotenthetsa thupi pang'ono kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena zolemetsa kwambiri kwa mphindi 75 mpaka 150, ndiponso zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi ola lathunthu tsiku lililonse, ndipo fulaye, jingo ndi mpira wachikulunga zimakwanira bwino lomwe. Kuti mudziwe muyeso wanu simufunika makina. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba nyimbo, muli pa muyeso wapakati. Ngati mukungotulutsa mawu awiri kapena atatu n'kupuma, muli pa muyeso wolemetsa. Mphindizi zikhoza kudulidwadulidwa. Kutsika minibasi siteji imodzi musanafike n'kuyenda ndawala mphindi 10 kumawerengedwa. Nambala yotchuka ya masitepe 10,000 pa tsiku inayambira pa malonda a kachipangizo kowerengera masitepe ku Japan mu 1965. Kafukufuku wa amayi achikulire ku America wa 2019 anapeza kuti amene ankayenda masitepe pafupifupi 4,400 ankafa mocheperapo poyerekeza ndi a masitepe 2,700, ndipo phindu linkakwerabe mpaka cha m'ma 7,500. Phindu lalikulu limapita kwa munthu amene wachoka pa kusachita kalikonse n'kuyamba zochepa. Za minofu nazo sizilira jimu: kunyonyomala ndi kudzuka, mapushapu oyambira pakhoma, kukwera ndi kutsika pakhonde, kunyamula zigubu za malita 5 m'manja onse awiri. Chofunika n'choti maulendo omalizira azikhala ovutirapo, ndipo zikayamba kupepuka muziwonjezera.

Kodi kutuluka thukuta lambiri ndiye kusungunula mafuta? Ndipo bwanji ena amathamanga koma osaonda?

Thukuta ndi madzi ndi mchere zimene thupi limatulutsa kuti lizizire. Amene amathamanga masana atavala jekete kapena atadzikulunga pulasitiki pamimba amataya madzi okhaokha, amene amabwerera akangomwa, ndipo amaika impso ndi mtima pachiswe. Majowajowa a pamimba amalimbitsa minofu ya pamimbapo koma sachotsa mafuta a pamalo amenewo. Thupi limatenga mafuta paliponse mmene lafunira. Pa nkhani yoonda tiyenera kunena chilungamo: masewera paokha saondetsa kwambiri. Ola lathunthu loyenda ndawala likhoza kubwezeredwa ndi botolo limodzi la chakumwa cha shuga ndi mandasi. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anayeza Ahadza a kumpoto kwa Tanzania, amene amakhalira ulenje, kufula uchi ndi kukumba mizu, akuyenda mitunda yaitali tsiku lililonse. Anapeza kuti, potengera kukula kwa thupi, mphamvu imene amawotcha pa tsiku siisiyana kwenikweni ndi ya anthu a ku America ndi ku Ulaya. Zikuoneka kuti thupi likawononga zambiri kwina limasunga kwina. Komabe Ahadzawo matenda a BP ndi shuga ndi osowa pakati pawo. Wofuna kuchepetsa thupi ayang'ane m'mbale, koma asasiye kuyenda chifukwa choti sikelo siikusuntha, pakuti BP, shuga, tulo ndi mtendere wa m'maganizo zimasintha ngakhale thalauza likadali lomwelo.

Pali mantha ena amene sitingawalambalale. M'zaka zimene Edzi inkapha anthu ambiri, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, kuonda kunkachititsa kuti munthu azilozedwa chala, ndipo kunenepa kunakhala umboni wa thanzi ndi wa kupeza bwino. Maganizo amenewo anali ndi pochokera, koma lero akupweteka anthu. Mafuta ounjikana m'mimba, ozungulira chiwindi ndi matumbo, ndi amene amayendera limodzi kwambiri ndi shuga ndi matenda a mtima.

Nanga amayi, oyembekezera ndi okalamba?

Mayi wonyamula zitsulo sangasanduke wa thupi lachimuna, chifukwa mahomoni okulitsa minofu kwambiri amakhala ochepa zedi m'thupi la mkazi. Chimene amapeza ndi mafupa olimba, ndipo zimenezi zimadzathandiza akasiya kusamba, pamene mafupa amayamba kufooka mofulumira. Woyembekezera amene kusikelo sanamupeze ndi vuto amalimbikitsidwa kuchita mphindi 150 zomwezo pa sabata, kupewa zogundana ndi zogwetsa. Koma nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya okalamba. Mwambo wathu wolandira katundu wa agogo ndi kuwauza kuti akhale pansi ndi wabwino, ndipo umachokera mu ulemu. Tikaupitiriza mpaka kuwalanda kantchito kalikonse, timawafooketsa miyendo ndi manja athu omwe. Mu 1990 Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anachititsa masewera onyamula zolemera ndi miyendo okalamba 10 a zaka 86 mpaka 96, katatu pa sabata kwa milungu 8. Mwa amene anamaliza, nyonga za miyendo zinawonjezeka pafupifupi katatu, ndipo ankayenda mofulumirirapo. Mnofu wa munthu wa zaka 90 umamverabe. N'chifukwa chake malangizo a 2020 aja amati a zaka 65 kupita m'tsogolo azichita zolimbitsa miyendo ndi zothandiza kukhazikika masiku atatu pa sabata, kuti apewe kugwa. Asiyeni agogo asese pabwalo, apite okha kutchalitchi kapena kumzikiti, adzuke pampando popanda kukokedwa dzanja pamene angathe.

Kodi palibe choopsa?

Chilipo, ndipo nthawi zambiri chimagwera munthu amene wakhala zaka osachita kanthu kenako n'kufuna kubweza zonse tsiku limodzi, monga bambo wa zaka 45 wolowa mpira wa anyamata Loweruka limodzi. Kuphwanya kwa thupi kumene kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Kupweteka kobaya m'bondo kapena mumsana ndi chizindikiro choti musiye. Kumva kuthina kapena kupweteka pachifuwa, chizungulire, kukomoka, kapena kubanika kosagwirizana ndi ntchito imene mukuchita ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likatentha ndi malungo kapena chimfine chachikulu, pumani mpaka muchire. Odwala shuga amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala otsitsa shuga akambirane ndi achipatala za nthawi yodyera, aziyenda ndi kanthu kotsekemera m'thumba, ndipo aziyang'ana mapazi awo ngati ali ndi zilonda. Amene akumwa mankhwala a BP asawasiye chifukwa choti ayamba kuthamanga. Amene angachepetse mankhwala ndi dokotala, atayeza.

Inu amene mwadutsa zaka 40 ndipo simunayezetsepo BP, pitani ku chipatala cha kwanuko sabata ino mukayezetse. Mawa lake m'mawa yambani ndi mphindi 10 zoyenda ndawala, ndipo sabata yotsatira mudzawonjezere mphindi 5.